Ufa Woyera wa Amake Masauko

Mukafika cha ku Wimbe n'kufunsa kuti nyumba ya Ezelina ndi iti, anthu adzayamba ayang'anana kaye. Koma mukati "kwa mayi a ufa woyera aja," ngakhale mwana wa mamina adzakulozerani: nyumba ya malata, chigafa cha fodya kuseri kwake, mphasa ziwiri pabwalo. Pa mphasazo ndi pomwe padagona mbiri yonse ya mayiyu. Akayanika ufa wake dzuwa lili paliwombo, munthu wodutsa ankachita kutsinzina. Amayi anzake ankati amauchapa ndi sopo, ena ankati ali ndi kachizimba. Nsanje basi. Chizimba chake chidali thukuta: kukonola chimanga mpaka gaga yense atachoka, kupeta, kuviika mphale mpaka itayamba kafungo kowawasa, kuitsuka kawiri katatu, kuiyanika, kenako ulendo wa kuchigayo. Gagayo ankangopatsa oweta nkhumba, ulele, bola achoke naye msanga pakhomo pake.

Musafulumire kumunena kuti adali wamatama. Ezelina adakwatiwa ndi a Tobias ali mtsikana, adamutenga chitengwa kuchokera kwawo ku Kapelula, ndipo banja lisadakhazikike n'komwe idagwa njala ya 2002. Amene adali ku Kasungu chaka chimenecho saikamba nkhaniyi akudya. Anthu adakumba zitsa za nthochi, adatafuna maungu anthete, adafola pachigayo kulimbirana gaga yemwe kale ankamwazira nkhuku. Ezelina ankaphika phala la gagayo, lakuda, lokanda pakhosi, n'kumamwetsa mwana wake woyamba, Masauko, amene adali atangoyamba kuyenda. Mwana adaonda mpaka nthiti kuwerengeka, kenako mapazi adatupa, tsitsi n'kufiira. Adamwalira chimanga chitangoyamba kumasula m'munda. Dzina lokha ndi lomwe lidatsala, moti mpaka lero mayiyu ndi amake Masauko, ngakhale adaberekanso ana awiri amene adakula n'kupita kutauni.

Kuchokera pamenepo mutu wa Ezelina udagwira mfundo imodzi yosavuta. Kuonda ndi imfa, kunenepa ndi moyo. Chakudya chakuda ndi cha njala, choyera ndi cha anthu. Sadakwere pachulu kulengeza, koma adalumbira mumtima kuti m'nyumba mwake simudzalowanso gaga, ngakhale mgaiwa, umene kwa iye udali gaga yemweyo wovala jekete.

A Tobias adali mlimi wa fodya wa bale, munthu wamtali, wosayankhulayankhula, wodziwa kusoka ndi kusankha tsamba. Zaka zina fodya ankawanyenga monga amanyengera aliyense, koma zaka zina ankawakumbuka. Malata adakwera padenga, njinga yamoto idabwera, ndipo buledi adalowa m'nyumba n'kukhazikika ngati mwana wapakhomo. Bambo wogulitsa buledi pa njinga, uja wa kireti yaitali kumbuyo, sankavutika kukuwa. Ankangoliza belu pakhomo pa Ezelina m'mawa uliwonse. A Tobias ankamaliza theka la buledi okha, wopaka majarini mbali zonse, ndi tiyi wamkaka wotsekemera ngati uchi. Masana nsima yoyera mbee, mitanda yosawerenga. Akatopa kuchigafa, mabanzi ndi botolo la zoziziritsa kukhosi. Ndiwo zamasamba ankangozilawa, ati iwo si mbuzi. Mimba idatuluka, khosi lidapinda kumbuyo, achinyamata n'kuyamba kuwatchula kuti bwana. Kutchalitchi amayi ankamugwedeza Ezelina ndi chigongono n'kunong'ona kuti, "Koma ndiye abambo akuwala." Iye ankazyolika ngati wachita manyazi, pomwe mumtima akuvina.

Chakudza sichiimba ng'oma. Chaka chomwe tikunenachi, fodya atangopita ku okushoni, nyengo yachisanu, a Tobias adapempha msomali kuti aboole lamba wawo bowo lina. Posakhalitsa adaboolanso lina. Munthu ankadya ngati kale, mwinanso kuposa, koma thupi linkangosungunuka. Madzi ankamwa ngati ng'ombe yapangolo, ndipo kuseri kwa bafa, kumene ankataya madzi, nyerere zinkachita kuunjikana. Ezelina adathirako phulusa. M'mawa mwake nyerere zidabweranso.

Mantha adamugwira, mantha akale aja amene ankayesa kuti adawakwirira. Pamjigo amayi ankasiya nkhani iye akafika, ndipo ankadziwa chifukwa chake. Kuno mwamuna akaonda fodya atangogulitsidwa, anthu safunsa adokotala, amangoti adakatola zake m'malo ogona alendo kuboma. A Tobias adakayezetsa kachilombo mwakachetechete tsiku la msika, sadawapeze nako. Ezelina adapumira m'mwamba, koma pang'ono chabe, chifukwa matenda opanda dzina amaopsa kuposa odziwika. Ndiye adachita chimene ankachidziwa. Adaonjezera buledi. Adayamba kuphika phala la ufa woyera m'mawa ndi madzulo, shuga wosaumira. Munthu woonda, kwa iye, adali munthu wanjala.

Mudzi nawo udathandiza, mmene umadziwira kuthandiza. Kuno kwathu munthu sapita kukazonda wodwala manja ali lende, ndipo sanyamula nkhwani kapena nyemba, zimenezo wodwala ali nazo kale kumunda. Amanyamula zaulemu: buledi, paketi ya shuga, kabotolo kotsekemera. A Tobias adali mkulu wa mpingo, munthu wosayambana ndi wina aliyense, ndiye amayi amvano adabwera, anzawo a kalabu ya fodya adabwera, aphunzitsi apasukulu adabwera, tebulo lidachita kuwerama. Ndipo mlendo akabweretsa zake sathawa. Amakhala pampando kudikira kuti aone wodwala akuluma. Kukana chakudya cha mnzako ndi kumuuza kuti ukumukayikira, ndipo kukayikira munthu pa nthawi ya matenda ndi kumutchula mfiti popanda kutsekula pakamwa. A Tobias ankaluma, ankamwa, ankaomba m'manja kuthokoza.

Tsiku lina adadzikoka kupita kukaphwasula chigafa chakale, ati kukhala pansi kukuwawitsa msana. Atabwerako masana, Ezelina akusesa pakhonde adaona madontho a magazi, ndondondo kuchokera pabwalo mpaka pa mpando pomwe mwamuna wake adakhala.

"Abambo, mwapha nkhuku kodi?"

"Nkhuku yanji?"

"Nanga magaziwa achokera kuti?"

A Tobias adayang'ana m'manja, adayang'ana m'miyendo, kenako adakweza phazi lamanzere. Msomali wadzimbiri udali utaboola patapata n'kulowa m'phazi, pafupi ndi zala. Adayenda nawo kuchokera kuchigafa. Ezelina adagwada, adauzula ndi manja ake, ndipo mwini phazi ankangoonerera ngati phazilo ndi la munthu wina.

"Sizikupweteka?"

"Sindikumva kanthu, amake Masauko."

Magazi sadamuopse Ezelina, adawaonapo ambiri. Chimene chidamuopsa ndi mawu amenewo. Adatsuka balalo ndi madzi amchere, adamanga, adadikira. Bala la msomali limatseka pakamwa masiku ochepa, koma ili lidayamba kukula. Phazi lidatupa, lidafiira, ndipo litayamba kafungo adakwera matola kupita kuchipatala cha kuboma.

Adawalandira namwino wachitsikana, a Elsie, amene kayankhulidwe kawo kankaonetsa kuti kwawo ndi chakumpoto. Adabaya a Tobias pachala, adaika kadontho ka magazi pa kamakina, adayang'ana, adabayanso chala china ngati sakukhulupirira. Kenako adatembenukira kwa Ezelina.

"Amama, bambowa amadya chiyani kunyumba?"

Ezelina adawongola msana. Pa mafunso onse a tsikulo, ili lokha ndi limene ankatha kuyankha mutu uli m'mwamba. Adatchula buledi wa m'mawa uliwonse, tiyi wamkaka, phala lashuga, mabanzi, mpunga, nsima ya ufa woyera woti simungaupeze kwina ku Wimbe konse. Adaonjeza kuti chiyambire kudwala sanawagonekepo ndi njala. Namwino adamusiya amalize, kenako adayankhula motsitsa mawu.

"Bambowa ali ndi matenda a shuga, ndipo akhala nawo nthawi yaitali. Ena amatengera kumtundu, koma zakudya zimenezi zimawakolezera. Shuga akachuluka m'magazi amapha mitsempha ya kumapazi. N'chifukwa chake msomali sadaumve, n'chifukwa chakenso bala silikupola."

"Ndisiya kuthira shuga mu tiyi," adatero Ezelina mwachangu.

"Si wa mu tiyi yekha, amama. Buledi woyera, ufa wokonola, mpunga, zimenezi zikalowa m'mimba sizichedwa, zimasanduka shuga nthawi yomweyo n'kuthamangira m'magazi. Thupi la munthu wabwino limamuchotsa. La bambowa latopa."

"Nanga adye chiyani?"

"Masamba ambiri, nyemba, matemba, mazira. Nsima ikhale ya mgaiwa, mtanda umodzi basi. Gaga amene mumachotsa uja ndi amene amathandiza kuti shuga asathamange."

Ezelina adagwira m'mphepete mwa bedi. Adafuna kufunsa ngati mwana ameneyu akudziwa kuti gaga n'chiyani, ngati adamuonapo akutuluka m'kamwa mwa mwana wosatha kumeza. A Elsie adatsuka bala, adabaya jekeseni, adapereka mapiritsi a shuga ndi a chilonda, n'kunena tsiku lobweranso. Kenako adatenga cholembera n'kujambula mzere pakhungu, kuzungulira pomwe padathera kufiira, pamwamba pa phazi.

"Muziyang'ana mzerewu m'mawa uliwonse. Kufiiraku kukaudumpha, kapena chala chikada, musadikire tsiku lomwe ndanena. Bwerani pompo. Tikachedwa, timadula."

Potuluka adadutsana ndi bambo wina woyendera ndodo ziwiri, mwendo umodzi wa buluku utapindidwa n'kubayidwa ndi pini pa bondo. Anthu otere Ezelina ankawaona kuyambira kale, koma adali asanawayang'anepo. Tsiku limenelo adayang'ana mpaka bamboyo adakhota. Mlimi wa fodya ndi miyendo: kudambo kukathirira nazale, m'mizere kukawokera, pamwamba pa chigafa kukapachika. A Tobias opanda mwendo sakanakhalanso a Tobias.

M'mawa mwake Ezelina adasenza chimanga chosakonola kupita kuchigayo. Adalawirira kuti asakumane ndi anthu, koma adapeza amayi atafika kale, mabeseni ali pamzere. Itafika nthawi yake, wapachigayo adanyamula thumba kulunjika ku makina okonolera monga mwa masiku onse.

"Ayi, ingogayani choncho."

"Mgaiwa? Inuyo amake Masauko? Mwalemba matenanti chaka chino?"

Amayi adafa nacho chiseko. Sadaseke mwankhanza kwenikweni, koma adali atadikira zaka zambiri kuti ufa uja udzade, ndipo munthu ndi munthu. Ezelina adasenza ufa wake. Adafika kunyumba, adatereka poto, ndipo fungo la mgaiwa litangomufika m'mphuno adathamangira kuseri kwa khitchini kukasanza. Adatsuka m'kamwa, adabwerera, adamaliza kuphika.

A Tobias adayang'ana mtanda umodzi wotuwa uja, adayang'ana phiri la mpiru pambali pake, n'kufunsa ngati alakwa chiyani. Koma adadya. Wa buledi adaliza belu masiku angapo, kenako adatopa n'kumangodutsa. Alendo akabwera, Ezelina ankawachingamira pabwalo, kulandira katundu wawo ndi manja awiri n'kuwanamiza kuti wodwala wangogona kumene. Bodza limeneli ankalinena mosaphethira, Mulungu amukhululukire. M'mawa uliwonse ankatulutsa mwamuna wake pakhonde pomwe pali kuwala, kumasula phazi mtima uli m'mwamba, n'kuyang'ana mzere. Posambitsa ankaulambalala kuti usafufutike. Patapita masiku adaona kuti kufiira kwabwerera m'mbuyo, pakati pa iko ndi mzere patsala kampata kolowa chala. Tsiku limenelo adaimba nyimbo akutsuka mbale.

Ndiye adatulukira a Consolata.

A Consolata ndi mlongo wawo wamkulu wa a Tobias, wokwatiwa ku Lisasadzi. Mayi awo atamwalira, ndi iwo adalera a Tobias, kuwabereka kumsana, kuwatafunira chakudya. Musawaganizire zoipa. Adamva mochedwa za matendawa, adagulitsa nkhuku, adasenza dengu lodzaza ndi chikondi: buledi awiri, shuga, mabanzi, mabotolo. Awa sadali alendo owabweza pabwalo. Adalowa okha mpaka kuchipinda, ndipo ataona mlongo wawo mmene adaondera adalira mokweza ngati pamaliro. Misozi isadaume, Ezelina adabweretsa chakudya chamasana.

A Consolata adavundukula mbale, adaiyang'ana, adaivundikiranso.

"Alamu, ichi n'chiyani?"

"Mgaiwa, alamu. Achipatala ndiwo anena. Akuti ali ndi shuga, ndiye zoyera zonse ndi zotsekemera..."

"Achipatala! Achipatalawo adamuberekapo kumsana munthuyu? Walima fodya zaka zonsezi, malata awa ndi thukuta lake, lero wadwala mukumupatsa za nkhumba? N'chifukwa chake watha chonchi! Kapena mwatopa naye, mukufuna atsogole kuti musenze katundu kupita kwanu ku Kapelula?"

Mawuwo adamulasa Ezelina pomwe padali chipsera. Adayesa kufotokoza za magazi, za mitsempha, za mzere, koma mawu a namwino m'kamwa mwake ankamveka ngati nthano. Ndipo mkazi wachitengwa ndi mlendo ngakhale atamera imvi pamudzipo. Mlamu wamkulu samukwezera mawu. Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

A Consolata adanyema buledi, adatsekula botolo ndi mano, n'kukhala pamphasa pafupi ndi wodwala.

"Achimwene, ndine mlongo wanu. Idyani. Kapena nanunso akuuzani kuti ndine mfiti?"

A Tobias adayang'ana mkazi wawo, kenako adayang'ana buledi. Tisabise, ankamufuna. Munthu amene wadya buledi m'mawa uliwonse kwa zaka zambiri, fungo lokha limamugwetsa malovu. Ndipo akanakana bwanji dzanja limene lidawalera? Adalandira, adaluma, adatsinzina. Ezelina adatuluka panja n'kukaima kuseri kwa nkhokwe.

A Consolata sadabwerere kwawo. Adati akhala mpaka mlongo wawo atabwerera m'thupi. Iyi idali nthawi ya nazale, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, ndipo mbande za fodya sizidziwa kuti mwini wake wadwala, zimafuna madzi m'mawa ndi madzulo. Ezelina ankapita yekha kudambo ndi ndowa. Akabwerako ankapeza nyenyeswa pamphasa, nyerere zikuzikoka, kapu ili ndi shuga wosasungunuka pansi pake. Belu la wa buledi lidayambanso kulira pakhomo. Akafunsa, a Tobias ankayang'ana kudenga. Mapiritsi nawo a Consolata ankati ndi amene akumufoola munthu, ndipo Ezelina sankadziwa ngati akumezedwa kapena akuponyedwa kuseri kwa bedi.

Choopsa kwambiri chidachitika tsiku lina atachedwa kudambo. Adapeza phazi litamangidwa mwatsopano ndi nsalu yochindikala, mpaka m'katumba. A Consolata adali atasinja masamba amene adaphunzira kwa apongozi awo, atamata balalo ndi phazi lonse.

"Mankhwalawa samasula msanga, alamu, amasukuluka. Mlungu uthe kaye. Inu mwatopa, balali ndisiyireni ine."

"Koma mzere, alamu. Ndiyenera kuona mzere."

"Mzere wa cholembera uchiritsa munthu? Ali pasukulu kodi?"

Kuyambira tsiku limenelo Ezelina sadaonenso mzere. Ankayang'ana nsaluyo ngati maso angathe kuiboola. Tsiku lobwereranso kuchipatala lidafika, a Consolata adati mankhwala asanamalize ntchito munthu sayenda padzuwa, ndipo a Tobias, amene ankaopa mawu aja oti kudula, adavomereza mofulumira. Ezelina chakudya chidaleka kulowa. Akamathirira nazale ankalankhula yekha. Ankadziuza kuti mwina masambawo akugwira ntchito, anthu akale ankapola nawo. Kenako mphepo ikaomba kuchokera kunyumba ankaima, n'kumanunkhiza ngati galu. Ankaopa alamu ake, ankaopa mudzi, ankaopa kubwerera ku Kapelula ndi dzina loti adatukwana abale a mwamuna pa matenda. Koma mantha ena aja, a buluku wobayidwa ndi pini, ankakula tsiku ndi tsiku mpaka adameza ena onse.

M'mawa wina adasiya ndowa pakati pa nazale n'kubwerera kunyumba ntchito isadathe. Adapeza a Tobias ali pakhonde, atafunda bulangeti padzuwa lotentha chonchija, mano akugundana. Ntchentche zobiriwira zidali zitatera pa nsalu ya kuphazi. A Consolata ankanyika buledi mu tiyi n'kumawaika m'kamwa ngati mwana, akuwanyengerera kuti ameze.

Ezelina sadaganize. Adatsomphola mbale ija n'kuiponya pabwalo. Kapu idagubuduka, nkhuku zidathamangira buledi.

A Consolata adaimirira pang'onopang'ono. "Mwataya chakudya changa? Pamaso panga? Anthuni, bwerani mudzamve! Mkazi wa ku Kapelula wanditchula mfiti pakhomo pa mlongo wanga!"

Anthu adayamba kusuzumira m'mipanda. Ezelina adalowa m'khitchini, adatuluka ndi mpeni. Wina adakuwa. Iye adagwada pa mapazi a mwamuna wake.

"Itanani ankhoswe, alamu. Itanani mudzi wonse. Mawa mundithamangitse, ndipita. Koma lero ndiona phazili."

Adadula mfundo, adayamba kumasula. Nsalu idali itamatirira, ndipo chakumapeto ankachita kusenda. Fungo lidabuka loti amene adasendera pafupi adabwerera m'mbuyo atagwira mphuno. Adachotsa masamba aja ndi zala. Zala zitatu za phazi zidali zakuda bii, ngati fodya wowolera m'chigafa. Kudako kudali kutakwera pamwamba pa phazi, ndipo kufiira kudali kutadutsa kachikakolo mpaka m'katumba. Mzere adaufunafuna, adaupeza kachidutswa kokha, kutali pansi, pakati pa mnofu wakuda.

A Consolata adayang'ana phazilo. Adakhala pansi padothi, miyendo tambalale, manja kumutu. Palibe amene adakambanso za ufiti. Mnansi wina adathamanga kukaitana galimoto.

Kuchipatala sadawaimike pamzere. A Elsie atangoona phazilo sadafunse funso lililonse, ndipo Ezelina akanakonda akanamukalipira. Adawagoneka a Tobias pabedi, adawaika diripi, kenako adabwera dokotala wachikulire, wa imvi m'mbali mwa mutu. Adavala magolovesi, adayang'ana zala zija kanthawi kochepa chabe, ngati nkhani yake yatha kale. Kenako adaika dzanja pa kachikakolo, adasindikiza, adadikira kumva ngati magazi akugunda. Adasuntha dzanja m'mwamba pang'ono, adasindikizanso.

Ezelina adaima kumiyendo kwa bedi, maso ali pa dzanja limenelo. Mumtima ankaliuza kuti ima, ima pomwepo, tenga zala, tenga phazi, munthu amayenda ndi chitendene. Dzanja lidadutsa kachikakolo. Lidakwera pa msongolo. Lidaima, Ezelina adagwira mpweya, lidasindikiza uku ndi uku, kenako lidakweranso. Lidakaima pansi pa bondo.

"Apa ndiye pali moyo," adatero dokotala. "Pansi ponsepa patha, ndipo tikausiya mwendowu uwatenga bambowa. Tiyenera kudula lero lomwe. Bondo tiyesetsa kulisunga."

Ezelina sadadziwe kuti wayamba kulira mpaka adamva mawu ake omwe. A Tobias adatembenuza mutu papilo. Milomo idali itauma, maso atalowa, koma adayesetsa kumwetulira, munthu wosafuna kuona mnzake akuvutika. Adafunafuna mawu oti amutonthoze nawo mkazi wawo, ndipo adapeza amene ankawakhulupirira ndi mtima wonse.

"Musalire, amake Masauko. Inu simunalakwe. Ku Wimbe konse kulibe mwamuna amene wadya bwino ngati ine."

Bola akanamumenya mbama. Anamwino awiri adabwera ndi bedi lamatayala. Asanawanyamule, Ezelina adawerama, adatenga nsonga ya chitenje chake n'kuyamba kupukuta fumbi la m'galimoto pa msongolo uja, pang'onopang'ono, kuyambira pansi pa bondo kutsika. Khungu lidali lozizira. Anamwino adamudikira mpaka adamaliza, kenako adakankha bedi kulowa nalo pachitseko.